Timu yomwe sinagonje chaka chonse koma chikho inachionera patali: Boise State mu 2006

Usiku wa pa 8 Januwale 2007, nyengo ya mpira wa m'mayunivesite a ku America inatsekedwa. Pa matimu 119 a m'gawo lapamwamba, imodzi yokha ndi imene inali isanalaweko kugonja: Boise State, yochokera m'chigawo cha Idaho, yomwe inasewera masewero 13 n'kupambana onse. Koma chikho chinapita ku Florida, timu yomwe inali itakwapulidwa kale kamodzi ndi Auburn. Atolankhani ataponya mavoti otsiriza, Boise State anaiika pa nambala 5, ndipo mtolankhani mmodzi yekha ndi amene analimba mtima kuilemba pamwamba.

Kwa ife ozolowera mpira wamiyendo, zimenezi n'zosamveka. Mu ligi, ukapambana umatenga mapointi 3, ndipo pakutha pa chaka amene ali pamwamba pa tebulo ndiye katswiri, kaya anthu amamukonda kapena ayi. Mpira wa m'mayunivesite a ku America sunali choncho. Kumeneko ukatswiri unkadalira maganizo a anthu ovota, masamu a makompyuta, komanso banja lomwe timu inabadwiramo. Nkhani ya Boise State ndi imene imaonetsa bwino mmene makina amenewa ankayendera.

Tiyambe ndi masewero eni akewo, chifukwa popanda kudziwa malamulo angapo zomwe zinachitika kumapetozo sizingakome. Mpira wake ndi wosongoka mbali ziwiri, ndipo kwambiri umagwidwa ndi manja. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo lotalika mayadi 100, omwe ndi mamita pafupifupi 91. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa maulendo anayi kuti isunthe mayadi 10 kupita kutsogolo. Ikakwanitsa, imapatsidwanso maulendo ena anayi. Ikalephera, mpira umapita kwa adani. Kulowetsa mpira m'chigawo chakumapeto kwa bwalo ndiko kumatchedwa touchdown, ndipo kumabweretsa mapointi 6. Zikatero timu imasankha: kumenya mpira pakati pa mitengo ya golo kuti ipeze pointi 1, zomwe sizilephereka kawirikawiri, kapena kuyesa kulowetsanso mpirawo kuchokera pafupi kuti ipeze mapointi 2, zomwe zimakanika nthawi zambiri. Sungani lamulo limeneli. Sunganinso ili: pa ulendo uliwonse, mpira umaloledwa kuponyedwa kutsogolo kamodzi kokha, koma cham'mbali kapena cham'mbuyo mutha kupatsirana mmene mungafunire. Woponya mpirayo, yemwenso amakhala ngati kapitawo wa onse okagoletsa, ndi quarterback.

Tsopano vuto la ukatswiri. Masewerawa ndi ogundana kwambiri moti thupi silingapirire kusewera kawiri pa sabata, choncho timu iliyonse inkasewera masewero 12 okha kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Disembala. Matimu 119, masewero 12: ambiri sakumana n'komwe. Iwo amagawidwa m'magulu omwe eni ake amawatcha conference, ife tingoti maligi. Timu imasewera masewero ambiri mu ligi yake, otsalawo imadzipezera yokha pokambirana ndi mayunivesite ena, nthawi zina zaka zingapo tsikulo lisanafike. M'maligi amenewa mulibe kukwera kapena kutuluka. Ngakhale mutapambana zaka khumi zotsatizana, simukwera kupita mu ligi yaikulu pokhapokha eni ligiyo atakuitanani, ndipo iwo poitana amayang'ana kuchuluka kwa anthu omwe mungawabweretsere pa wailesi yakanema, osati zigoli zanu.

Kwa zaka zambirimbiri, katswiri wa dziko lonse ankangosankhidwa ndi mavoti, wina wa atolankhani wina wa aphunzitsi a matimu, moti zaka zina akatswiri ankakhala awiri. Nyengo ikatha, matimu ochita bwino ankaitanidwa ku masewero achikondwerero otchedwa bowl, omwe amakonzedwa ndi makomiti a m'mizinda yofunda pofuna kukopa alendo nthawi ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Mu 1998 kunabwera dongosolo lotchedwa Bowl Championship Series, mwachidule BCS, lomwe cholinga chake chinali choti nambala 1 ndi nambala 2 azikumana m'masewero amodzi omaliza. Podzafika 2006, mndandanda wa BCS unkapangidwa ndi zinthu zitatu zolemera mofanana: voti ya aphunzitsi a matimu, voti ina yotchedwa Harris momwe munali osewera akale, aphunzitsi opuma ndi atolankhani ena, ndiponso zotsatira za makompyuta 6.

Pomveka pake zikukhala ngati chilungamo. Koma dongosololi linapangidwa ndi maligi akuluakulu 6, omwe ndi ACC, Big East, Big Ten, Big 12, Pac-10 ndi SEC, ndipo iwo anadzisungira nyama yonona. Katswiri wa ligi iliyonse mwa amenewa ankalowa yekha m'masewero akuluakulu a bowl, momwe ligi inkatuta madola pafupifupi 17 miliyoni pa timu. Maligi ena asanu ankadya zotsala. Timu yawo kuti ilowe inkayenera kufika pa nambala 6 kapena kupitirira apo, chinthu chomwe chinachitika kamodzi kokha, pomwe Utah inalowa mu 2004. Tulane inapambana masewero ake onse mu 1998 koma palibe anaiitana ku masewero akuluakuluwa, ndipo mkulu wa yunivesiteyo, Scott Cowen, ndiye anadzatsogolera madandaulo mu 2003 mpaka nkhani inafika ku nyumba ya malamulo ku Washington. Akuluakulu aja poopa milandu anatsegulako khomo pang'ono: kuyambira 2006, timu ya mu ligi yaing'ono ikafika pa nambala 12 izipatsidwa malo. Boise State ndiyo inayamba kudutsira pa kampata kameneka.

Nanga Boise State inali yani? Inayamba mu 1932 ngati koleji yaing'ono ya maphunziro a zaka ziwiri. Inalowa m'gawo lapamwamba la mpira mu 1996 mokha, kutanthauza kuti pofika 2006 inali itangokhalamo zaka khumi. Bwalo lake linkalowa anthu pafupifupi 30,000, pomwe la Oklahoma limaposa 80,000 ndipo la Michigan limaposa 100,000. Anthu ambiri a ku America ankaidziwa pa chinthu chimodzi chokha: kapinga wake wochita kupanga ndi wabuluu, osati wobiriwira, ndipo anamuyala choncho mu 1986. Inkasewera mu ligi ya Western Athletic Conference, komwe inkazunza anzake chaka ndi chaka, koma ikatuluka kunja inkabwerako itanyowa. Mu 2004 inapambana masewero onse 11 kenako n'kugonja 44-40 kwa Louisville mu bowl. Mu 2005 inapita ku Georgia kukadzionetsa, ndipo inathibulidwa 48-13. Quarterback wake, Jared Zabransky, anaponyera adani mpira kanayi tsiku limenelo. Onyoza anapeza ponenera: anyamatawa amalimba pakwawo pokha.

Nyengo ya 2006 inayamba ndi mphunzitsi watsopano. Dan Hawkins anali atapita ku Colorado, ndipo udindo unagwera Chris Petersen, yemwe kuyambira 2001 ndiye ankakonza njira zogoletsera pa timuyi koma anali asanakhalepo mphunzitsi wamkulu. Pa mavoti oyambirira a chaka, Boise State munalibemo mwa matimu 25 apamwamba, pomwe Ohio State inali kale pa nambala 1 mpira usanagundidwe n'komwe. Apa pali chinyengo china chomwe sichionekera msanga. Ovota sakonda kutsitsa timu yomwe yapambana, ndiye amene wayambira pamwamba amakhalabe pamwamba mpaka atagwa yekha, pomwe woyambira pansi amakwawa sitepe imodzi imodzi, kudikira kuti a patsogolo pake apunthwe.

Masewero omwe anadzutsa anthu anali achiwiri, pa 7 Sepitembala, pomwe Oregon State ya mu ligi yaikulu ya Pac-10 inabwera pa kapinga wabuluu uja n'kuswedwa 42-14. Mnyamata wothamanga ndi mpira, Ian Johnson, anathamanga mayadi 240 n'kugoletsa ma touchdown 5 usiku umodzi. Oregon State sinali timu yamasewera: patapita milungu ingapo inagonjetsa USC, chimphona cha nthawi imeneyo, 33-31. Kenako Boise State inapita ku Utah n'kupambana 36-3. Ena onse anagwa motsatizana, ngakhale Wyoming ndi Hawaii anavutitsa ndithu, ndipo ku San Jose State zinthu zinatsala pang'ono kutayika: anapambana 23-20 ndi mpira womenya pa mitengo ya golo, womwe m'kati mwa masewero umabweretsa mapointi 3, nthawi ikutha kumene, Johnson n'kukagonekedwa m'chipatala atavulala phapo. Anatseka ndi kukwapula Nevada 38-7.

Johnson ameneyu anali ndi luso lina lomwe linkaseketsa atolankhani: ankaluka zipewa zaubweya ndi koloshe n'kumagulitsa kwa anzake ndi ochemerera. Bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite, la NCAA, linamuletsa, ati wosewera wapasukulu sayenera kupeza ndalama kudzera m'kutchuka kwake. Taganizirani: masewero omwe akukasewera akubweretsa mamiliyoni a madola kwa ena, iye kugulitsa chipewa choluka yekha n'kulakwa. Lamulo limeneli linadzasintha mu 2021.

Kumwamba kwa mndandanda nakonso kunali phokoso lake. Ohio State inali isanagonje, ndipo inali itapambana Michigan 42-39. USC, yomwe inkayembekezeka kutenga malo achiwiri, inapunthwa kwa UCLA sabata yomaliza. Ndiye funso linali lakuti: Michigan ipatsidwenso mwayi, kapena Florida? Ovota anakweza Florida kudumpha Michigan, pomwe Michigan sinasewere n'komwe sabata imeneyo, ndipo mphunzitsi wa Ohio State, Jim Tressel, anakana kuvota poona kuti akhala ngati akudzisankhira mdani. Mkangano wonsewu unali wa matimu awiri ogonjapo kamodzi. Boise State, yosagonja, inali pa nambala 8, ndipo dzina lake silinkatchulidwa n'komwe pa nkhani ya chikho. Anaipatsa Fiesta Bowl, imodzi mwa ma bowl akuluakulu aja, ku Glendale m'chigawo cha Arizona, kuti ikakumane ndi Oklahoma.

Oklahoma ndi banja lachifumu pa masewerawa: inali itatengapo ukatswiri wa dziko kasanu ndi kawiri, mphunzitsi wake anali Bob Stoops, inali itangotenga chikho cha Big 12, ndipo Adrian Peterson, mmodzi mwa othamanga ndi mpira oopsa kwambiri a m'badwo wake, anali atachira fupa la paphewa lomwe linathyoka. A juga ankati Oklahoma ipambana ndi mapointi oposa 7.

Pa 1 Januwale 2007, Boise State inayamba ngati yalusa. Inatsogola 14-0, popita kokapuma zinali 21-10, ndipo m'chigawo chachitatu mwa zigawo zinayi za masewerowa Marty Tadman anatsakamiza mpira wa adani n'kuthamanga nawo mpaka kukagoletsa, 28-10. Kenako tsoka: mpira womwe Oklahoma inamenya poutaya unadunda n'kugunda mwendo wa wosewera wa Boise State yemwe sankauona n'komwe, Oklahoma n'kuutola pafupi ndi golo. Peterson anagoletsa. Kuyambira apo mphepo inatembenuka. Kutatsala mphindi 1 ndi masekondi 26, Oklahoma inagoletsanso, ndipo itayesa katatu chifukwa cha zilango inapeza mapointi 2 aja: 28-28. Pa ulendo wotsatira weniweniwo, Zabransky anaponya mpira cham'mbali mwa bwalo, komwe mnzake kunalibe. Marcus Walker wa Oklahoma anaulandira ngati mphatso n'kulowa nawo. 35-28. Mapointi 25 otsatizana osayankhidwa, ndipo mzukwa wa ku Georgia uja unali utabweranso.

Kutatsala masekondi 18, Boise State inali pakati peni peni pa bwalo, pa ulendo wachinayi, womaliza, ikufunika mayadi 18. Oklahoma inachita zomwe timu iliyonse yanzeru ikadachita: kubwerera m'mbuyo, kulola mpira waufupi, kenako kumugwetsa munthuyo asanafike pa mzere. Zabransky anaponyadi waufupi, kwa Drisan James, yemwe anaugwira atatsala ndi mayadi atatu kuti akwanitse, n'kuyamba kuthamangira chapakati. Oteteza onse anakhamukira kwa iye. Pomwepo Jerard Rabb anadutsa kumbuyo kwake akuthamangira mbali inayo, James n'kumuponyera mpira cham'mbuyo, monga lamulo lija limalolera. Osewera a Oklahoma anali atapendekera kale kolakwika, ndipo thupi lothamanga silitembenuka ngati njinga. Rabb anathamanga mayadi 35 n'kudziponya pangodya kutatsala masekondi 7. Pa timupo kaseweredwe aka ankakatcha Circus, ndipo ndi ka mtundu womwe matimu amayeserera kumapeto kwa sabata mongoseka, osayembekezera kuti kadzagwira ntchito. 35-35.

Nthawi yowonjezera m'mayunivesite imayenda chonchi: timu iliyonse imapatsidwa mpira pa mayadi 25 kuchokera pa golo, ndipo amasinthana mpaka wina ataposa mnzake. Oklahoma inayamba, ndipo Peterson anangofunika ulendo umodzi: mayadi 25, osagwetsedwa. 42-35. Boise State inakwawa movutikira mpaka inapezekanso pa ulendo wachinayi, pafupi ndi golo. Apa Zabransky anachoka pamalo pake n'kuthamangira kumanzere ngati wolandira mpira, ndipo mpira unapita kwa Vinny Perretta, yemwe sanali quarterback. Iye anathamangira kumanja ngati akufuna kudzilowera yekha, kenako n'kuuponya mopepuka pamwamba pa mitu ya oteteza, kwa Derek Schouman. 42-41.

Tsopano lamulo lomwe ndinati musunge lija. Kumenya pointi 1 kukadafananitsa zigoli, n'kupitiriza nthawi yowonjezera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo aphunzitsi ambiri akadatenga pointi yotsimikizikayo, chifukwa ukagonja motero palibe amakunena. Mphunzitsi Petersen anasankha mapointi 2: kulowa, apambana, kulephera, kwatha. Anthu amakonda kunena kuti uku kunali kulimba mtima, koma ine ndimaona kuti analinso masamu. Anyamata ake oteteza anali atatheratu, Peterson anali atangowadutsa ngati palibe munthu, ndipo Oklahoma inali ndi osewera akuluakulu matupi komanso ochuluka pa benchi. Masewero akamatalika, wamng'ono ndiye amayamba kufooka. Kunali bwino kuika zonse pa ulendo umodzi wa mayadi atatu kusiyana ndi kulimbana ndi njovu mpaka mbandakucha.

Anaika olandira mpira atatu kumanja. Zabransky analandira mpira, n'kutembenukira kumanjako, n'kukweza dzanja lamanja ngati akuponya. Dzanjalo linali lopanda kanthu. Mpira unali m'dzanja lamanzere, kumbuyo kwa msana wake, ndipo Ian Johnson, yemwe anaima kaye ngati sizikumukhudza, anautenga n'kuthamangira kumanzere komwe anzake anali atatseka kale njira ya adani. Analowa popanda womukhudza. 43-42. Kaseweredwe aka ndi kakale kwambiri, kotchedwa Statue of Liberty chifukwa woponyayo amaima dzanja lili m'mwamba ngati chiboliboli cha ku New York chija, ndipo ambiri ankakayesa ka ana osewera paseli pa nyumba. Mtolankhani akumufunsa mafunso pa kanema, Johnson anagwada n'kufunsira ukwati chibwenzi chake, mtsikana yemwe ankatsogolera ovina ochemerera timuyi. Analola. Awiriwa anakwatirana chaka chomwecho, ngakhale analandira mauthenga owaopseza chifukwa mnyamatayo ndi wakuda, mtsikanayo mzungu.

Patatha sabata, m'bwalo lomwelo, Florida inaphwanya Ohio State 41-14 n'kunyamula chikho.

Kodi Boise State ikadaigonjetsa Florida? Kunena zoona, ndikukayika. Florida inadutsa mu SEC, momwe sabata iliyonse umakumana ndi timu yodzaza ndi anyamata opita ku ligi ya akatswiri olipidwa ya NFL, pomwe ena mwa omwe Boise State inawakwapula, monga Sacramento State ndi Utah State, anali ofooka zedi. Makompyuta aja sankanama pamenepa. Iwo ankayeza kulimba kwa adani omwe wakumana nawo, ndipo anali ataletsedwa kuwerengera kukula kwa zigoli, moti kupambana 55-14 ndi kupambana 15-14 zinali chimodzimodzi. Ndiponso timu yofuna misampha itatu kuti ipambane ndi pointi imodzi singanene kuti inalamulira masewero. Koma mfundo yoti "simunasewere ndi amphamvu" ili ndi mchira wake. Mu ligi yaikulu sakulowetsani. Matimu akuluakulu sakonda kubwera kwanu, chifukwa akapambana palibe amawatama, akagonja ataya chaka chonse. Amakonda kulipira timu yofooka kuti ibwere kwawo idzakwapulidwe pamaso pa anthu awo. Akakumanani mwayi wokumana ndi amphamvu, kenako n'kukudzudzulani kuti simunakumane nawo, ndiye kuti mlandu anaugamula musanalowe m'bwalo. Zomwe anthu ankanena za Florida n'zomwenso ankanena za Oklahoma pa 31 Disembala.

Ndalama za Fiesta Bowl nazo Boise State sinadye yokha. Gawo la maligi aang'ono linkagawidwa pakati pa maligi onse asanu. Chomwe inapindula kwambiri ndi dzina. Ndipo nkhani yake inabwerezedwa ndi ena mpaka inasanduka manyazi kwa eni dongosolo. Mu 2008 Utah inapambana masewero onse 13, kuphatikizapo kugonjetsa Alabama 31-17, koma chikho chinapitanso ku Florida. Mu 2009 Boise State ndi TCU, timu inanso ya mu ligi yaing'ono, onse anamaliza osagonja, ndipo m'malo mowapatsa zimphona anawakumanitsa okhaokha mu Fiesta Bowl, ngati ana omwe awayalira mphasa yawo kuseri. Boise State inapambana 17-10 n'kumaliza ndi masewero 14 osagonja, pa nambala 4. Andale analowererapo, kuphatikizapo Orrin Hatch, phungu wa ku Utah mu Senate, ndipo ngakhale Barack Obama ananena poyera kuti akufuna mpikisano wa ndime zochotsana.

BCS inatha pambuyo pa nyengo ya 2013, nthawi yomwenso Petersen anasamukira ku yunivesite ya Washington atapambana masewero 92 n'kugonja 12 okha ku Boise. M'malo mwake munabwera mpikisano wa matimu anayi osankhidwa ndi komiti, koma khomo linali lopapatizabe: UCF, ya mu ligi yaing'ono, inapambana masewero onse mu 2017 osaitanidwa, ndipo timu yoyamba ya mu ligi yaing'ono kulowa inali Cincinnati mu 2021. Mu 2024 matimu anawonjezedwa kufika 12, ndi malo osungidwira akatswiri asanu a maligi omwe ali pamwamba pa mndandanda. Boise State inalowa, itanyamulidwa ndi wothamanga wina woopsa, Ashton Jeanty, ndipo anaitumiza ku Glendale komwe kuja, ku Fiesta Bowl, m'bwalo lomwe Johnson anagwadamo. Ulendo uno wopambana ankapitirira kukalimbirana chikho chenicheni. Pa 31 Disembala 2024, Penn State inaigonjetsa 31-14.